Maso a Mayamiko

"Bwezani kalata yanga, amalume."

"Yako? Kalatayi yafika pakhomo pano, ndipo mwini mbumba pano ndine."

A Aleck, mlongo wawo wa amayi, anapinda kalatayo kanayi n'kuilowetsa m'thumba la jekete. Tinali pakhonde kwathu kwa Mlolo, m'mwezi wa Julaye chaka cha 1996, tikuswa mtedza wambewu. Kalatayo ndinali nditaiwerenga kamodzi kokha, panjira pochokera kwa akatekisiti amene ankatitengera makalata ku mishoni, koma mawu ake ndinali nditawameza onse. Kampani ya njanji inkaitana Mayamiko Mbewe, ndiye ineyo, kuti kumayambiriro kwa Sepitembala akayambe maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi a ntchito ya masiginolo. Abwere ndi satifiketi ya Giredi 12 ndi reji, chiphaso cha boma cha unzika chokhala ndi chithunzi.

"Masiginolowo n'chiyani kodi?" amayi anafunsa, maso ali m'lichero.

"Ndi nyale ndi mbendera zolankhulira ndi sitima, amayi. Chofiira ndiye kuti ima, chobiriwira ndiye kuti pita. Woyendetsa sitima sangakhote ngati wa njinga, amangotsata zimene wamuonetsa munthu wa m'kanyumba ka pa siteshoni. Munthuyo ndiye amasintha njanji, ndiye amaimba lamya ku siteshoni yotsatira kuti ndakutumizirani sitima, ilandireni. Akalakwitsa, sitima ziwiri zimakumana panjanji imodzi."

"Mwamva, alamu?" amalume anatembenukira kwa atate. "Mwana wamkazi akaimitse sitima! Akakhale yekha kutchire ndi amuna okhaokha! Tamvera iwe Mayamiko. Mwa mlongo wangayu munatuluka ana awiri basi, iwe ndi Wadson. Wadson ndi mwamuna, mawa lino akwatira, apita kuchikamwini, akalima minda ya eni ake. Ameneyo ngwopita kale. Koma iwe ndiwe mudzi. Minda ya agogo ako ili pa iwe, bele lathu lili pa iwe. Ukachoka, dambo lonselo alanda a kutsidya aja, ndipo ndikadzafa adzati Aleck anamwaza mbumba. Ku njanji apita Wadson."

"Apita bwanji poti aitana ine?"

"Aitana Mayamiko. Pa satifiketi pali nkhope? Palibe. Dzinali akazi amatchedwa, amuna amatchedwa. Nonse awiri reji mulibe, ndipo a reji akubwera pasukulu pano pakatha milungu itatu. Wadson akalembetsa kuti ndi Mayamiko Mbewe. Iwe tikupatsa la agogo ako, Keziya. Dzina labwino, la munthu wolemekezeka."

Ndinaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

"Wadson? Wadson yemweyu wothyola matimati aawisi? Amalume, mudzi wonse ukudziwa kuti kwa mlongo wangayu chofiira ndi chobiriwira n'chimodzi. Chaka chatha anapita kumsika wa ku Pembamoyo ndi dengu lodzaza matimati osapsa, amayi a kumeneko anamuseka mpaka kugwira nthiti."

"N'kusasamala kumeneko. Maso amatsukidwa."

Wadson anali pansi pa mango akumata chubu cha njinga ya munthu, mutu uli pansi, ngati nkhaniyo ndi ya wina. Ndinayang'ana atate. A Fulansisi Mbewe, ondibereka enieni, anangotola khoko la mtedza n'kumalitembenuza m'manja.

"Atate, simunenapo kanthu?"

"Ine ndine mkamwini, mwanangu. Pano ndinabwera ndi khasu ndi bulangete."

Mawu amenewo anandilasa kuposa a amalume, chifukwa matenda a sitimawa anandipatsira ndi iwowo. Ndili wamng'ono anagwirapo ganyu ku Chipata, kuunjika dothi pamene ankati padzadutsa njanji yochokera ku Mchinji. Tsiku lina ananditenga, tinayenda pamwamba pa mtumbira wautali wopanda chitsulo ngakhale chimodzi, udzu utamera kale m'mbali. Anaima n'kuloza kum'mawa. "Idzachokera uko," anatero, "ndipo padzafunika munthu woilandira." Sitimayo sinabwere. Ine mpaka tsiku la kalatalo sitima ndinali ndisanaione ndi maso, koma m'mutu mwanga inkadutsa tsiku lililonse.

Inkadutsa makamaka kudimba. Ndikamathirira masamba m'mawa, nkhungu isanachoke m'dambo, ndinkaona kanyumba kanga. Kanali ndi mazenera mbali zonse, ndi masitepe amatabwa olira ukamakwera. M'kati munali zitsulo zazitali zokoka, zogwirira zake zonyezimira ndi manja a anthu amene anakhalamo ine ndisanabwere. Patebulo panali buku lalikulu lolembamo nthawi ya sitima iliyonse, ndi lamya yakuda. Kulira kwa sitima sindinkakudziwa, ndiye ndinkabwereka kulira kwa chigayo cha kwa Zingalume chikamamveka patali mphepo ikatembenuka. Lamya ilira, ine ndiyankha, "Mbewe pano, itumizeni." Ndikoka chitsulo, kutali uko nyale isintha, ndipo anthu mazana atatu ogona, odya, oyamwitsa ana, adutsa pansi pa zenera langa osadziwa kuti kuli mtsikana wa kwa Mlolo amene wawatsegulira njira.

Nyuzi imene ndinaonamo ntchitoyi kwa aphunzitsi inalongosola zonse. Ukamaliza maphunziro amayamba kukuika pa kasiteshoni kakang'ono, ndi nyumba ya kampani. Ukagwira bwino umakwera, n'kudzakhala woyang'anira siteshoni, ndipo ena amafika mu ofesi yaikulu mmene munthu mmodzi amadziwa pamene pali sitima iliyonse m'dziko. Nyumba yangayo ndinali nditaikonza kale. Chipinda chakum'mawa chinali cha atate, kuti azidzuka n'kumaona njanji. Kangapo ndinkadzidzimuka madzi atasefukira pabedi la repu, ndowa ili m'manja mopanda kanthu.

Amalume sanachedwe. Tsiku lachitatu anapalasa njinga kupita kwa sing'anga wina kwa Zingalume, nabwera ndi masamba m'kapepala. M'mawa uliwonse Wadson ankagona chagada pamphasa, amayi atamugwira mutu, amalume akufinyira madzi a masambawo m'maso. Koma abale! Mnyamata wamkulu ndithu ankapalapata miyendo, misozi ili chuchuchu mpaka m'makutu.

"Akuluma?" amalume ankafunsa.

"Kwambiri."

"Ndiye kuti akugwira ntchito."

Kenaka anati ine, poti ndine wa sukulu, ndizimuphunzitsa mitundu. Amayi anatulutsa duku lawo lakale lofiira, ine ndinang'amba chigamba pa yunifolomu yanga yobiriwira. Taganizani, kuphunzitsa munthu kuti akadye nsima yako! Ndinkakweza nsalu imodzi, iye n'kutchula. Masiku awiri oyamba ankangoponya mwamwayi. Tsiku lachisanu anakhoza kasanu ndi kawiri pa kakhumi. Pofika Lamlungu amalume anaitana amayi ndi atate, natenga nsaluzo okha, kuzibisa kumbuyo, kuzisinthanitsa, kuzitulutsa mwadzidzidzi ngati wamatsenga.

"Iyi?"

"Yofiira."

"Iyi?"

"Yobiriwira."

Kakhumi konse osaphonya. Amayi analulutira mpaka nkhuku zinathawa. Amalume anandiyang'ana chamumbali. "Si uja unkati sizingatheke? Sukulu si nzeru zonse, mbumba yanga."

Madzulo ake dzuwa lisanalowe ndinamupeza Wadson kudimba, ndinathyola tsabola awiri pa mtengo umodzi, wina wakupsa wina wamuwisi, n'kuwaika pachikhatho.

"Wadi, wofiira ndi uti?"

Anayang'ana nthawi yaitali. Anabweretsa nkhope pafupi, anaibwezanso kutali. Kenaka anakhala pansi pamzere.

"Duku la amayi lili ndi ngodya yoduka," anatero. "Chigamba chako n'chokhuthala, sichipepeluka ndi mphepo. Ndimaonera pamenepo."

"Ndinadziwa."

"Ndinatopa ndi mankhwala aja, Maya. Maso anatsala pang'ono kuphulika."

"Ukufuna kupita?"

"Ine? Kukatani? Ine mundisiyire sipanala ndi pampu, ndikhale pamphambano paja ndizikonza njinga. Buku ndikalitsegula tulo timabwera. Iwe ukamanena za sitima nkhope imawala, ine ndimangoganiza za njinga."

"Ndiye ukawauze."

"Iwe unawauza, anamva? Amalume ndiwo anandisamala pamene ndinadwala chaka chija, anandibereka kumsana mpaka ku chipatala cha ku Boma. Ndiyambira pati kuwakanira? Komanso ati nyale yofiira imakhala pamalo pake, yobiriwira pamalo pake. Ndikangoloweza malo."

"Nanga nyale ya m'manja? Nanga mbendera? Nazonso zikakhala ndi ngodya yoduka? Wadi, ukapha anthu."

Anatenga tsabola mmodzi n'kumuluma osaganiza, ndipo anali wakupsa uja. Analavula, kutsokomola, kuthamangira ku chitsime. Ndinaseka mpaka ndinapezeka ndikulira, ndipo iye atabwerera anakhala pambali panga.

M'mawa mwake ndinawauza amalume za ngodya ya duku. Anali akunola nkhwangwa, sanadzutse ngakhale mutu.

"Nsanje imeneyo. Mlongo wako wachira, iwe m'malo mothokoza ukufuna kumutchinga mwayi."

"Mwayi wa yani, amalume? Mayeso analemba ndani? Ndani ankayenda wapansi kupita ku sekondale, thumba la ufa pamutu?"

"Ndipo ufawo unkachokera m'nkhokwe ya yani? Satifiketi imeneyo ndi ya banja. Banja laona woti aigwiritse ntchito."

"Muyeseni ndi tsabola, muone."

"Sitima imayendera tsabola? Choka apa, usandilankhule ngati mnzako wa kuchitsime."

A reji anafika Lachiwiri, pa galimoto yafumbi. Anaika tebulo pakhonde la sukulu, nakoloweka nsalu yoyera pakhoma pojambulira zithunzi. Anthu anachokera kutali, mzere unazungulira mpaka ku bwalo la mpira. Ife tinaima pamodzi, Wadson kutsogolo, amalume pambali pake monga mboni, ine ndi amayi kumbuyo. Njira yonse ndinali nditalumbira mumtima kuti akangotchula dzina langa ndikuwa. Mawu ndinali nditawakonza, anali pakhosi pomwe.

"Dzina?" anafunsa mlembi, bambo wotopa wa magalasi, osadzutsa maso.

Wadson anacheukira kwa ine. Amalume anamugunda ndi chigongono.

"Mayamiko Mbewe."

Ndinatsegula pakamwa. Pomwepo zala za amayi zinandilowa pamkono ngati mbano, ndipo anandinong'oneza kukhutu.

"Ukangolankhula, amumanga. Walankhula kale bodza pamaso pa boma, wapolisi ndi uyo waima apoyo. Ukufuna mlongo wako akagone m'ndende chifukwa cha iwe? Ndakugwira mwendo, mwanangu."

Wapolisi analipodi, atatsamira mtengo akudya nzimbe. Ndinayang'ana Wadson. Anali ataima patsogolo pa nsalu yoyera ija, maso ofiira ndi mankhwala aja, akuphethiraphethira. Wojambula anamuuza kuti adzutse chibwano. Wadson anadinda chala, nalandira kapepala.

"Wotsatira. Dzina?"

Pakamwa panga panauma gwa.

"Ndi wamanyazi," anatero amalume akuseka. "Keziya Mbewe. Mbumba yanga imeneyi."

"Sukulu?"

"Wapakhomo chabe."

Mlembi anagwira chala changa chachikulu, kuchipaka inki, kuchikanikiza papepala. Sizinatenge ngakhale mphindi zisanu. Ndinabwera ndili Mayamiko wa Giredi 12, ndinabwerera ndili Keziya wapakhomo, ndipo inkiyo inakhala m'chala masiku atatu.

Wadson ananyamuka kumapeto kwa Ogasiti. Atate anamukweza panjinga mpaka ku Boma kukakwera basi ya ku Chipata, kuchoka apo Lusaka, n'kupitirirabe. Anavala jekete la amalume, satifiketi yanga ili m'pulasitiki pansi pa malaya. Potsanzika anandigwira dzanja, anafuna kunena kanthu, koma amalume anali pomwepo. Anangoti, "Usamale pampu yanga."

Masiku otsatirawo, chodabwitsa, sindinaleke kulota. Ndinkawerenga kuti lero wafika, lero waona njanji, ndipo ndinkamutsatira. Ndinkalowa naye pachipata, kukhala pa benchi imene wakhala, kumva dzina langa likuitanidwa m'kalasi. Mphunzitsi ajambula njanji ziwiri pabolodi, afunsa funso, ine ndidziwa yankho, ndikweza dzanja, koma dzanja lokwera ndi la Wadson, lakuda ndi girisi. Nthawi zina ndinkaona sitima yeniyeni ikutuluka m'nkhungu ya m'dambo lathu, pang'onopang'ono, mazenera ake akuwala, ikudutsa pakati pa nthochi za a kutsidya aja osathyola ngakhale tsamba. Inkafika pa dimba lathu n'kuima, kudikira kuti wina aiuze zochita. Amayi akandiitana kuti Keziya ndinkachedwa kutembenuka, osati mwamwano, kungoti sindinkadziwa kuti akunena ine. Atate okha sanalitchulepo dzinalo. Ankangoti mwanangu.

Amalume m'mudzi anali pa chikondwerero. Aliyense wodutsa ankamuimitsa. "Mwana wathu ali ku njanji! Chaka chamawa tikwera sitima yaulere!" Ndipo anali atayamba kale kunena za mnyamata wina wa ku Pembamoyo, wolimbika pa khasu, amene akanayenera kudzamanga nyumba kuseri kwa khola lathu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi chinyamukireni Wadson, masana dzuwa lili pamutu, tinali pakhonde tikutong'ola chimanga. Galu anauwa kamodzi n'kuyamba kugwedeza mchira. Wadson analowa pabwalo wapansi, fumbi mpaka m'maondo, jekete ali nalo m'manja. Amayi anagwetsa chitsononkho.

"Mayo ine! Kwagwanji?"

Wadson anakhala pamwala. Amalume anabwera akuthamanga kuchokera kwawo, malaya osamanga.

"Tchuthi chayamba kale?"

"Sindinalowe n'komwe m'kalasi, amalume. Tsiku loyamba onse amayamba apita kwa dokotala wa kampani. Kuyeza makutu, chifuwa, kenaka maso. Zilembo za pakhoma ndinawerenga zonse mpaka zing'onozing'ono. Ndiye anatsegula kabuku ka madonthomadontho, ati tchula nambala imene ukuona. Ine ndinangoona mapira omwazika. Mnzanga wa pambali akuti sikisi, akuti twente-naini, ine ndikuyang'ana palibe kanthu. Anatsegula masamba onse."

"Nsalu sanakuonetse?"

"Kulibe nsalu kumeneko. Anandilowetsa m'kachipinda, anayatsa kanyale kakang'ono patali, kakusintha. Ati ukaona chofiira menya patebulo. Ndinamenya pa chobiriwira, chofiira ndinachisiya chidutse. Dokotala anavula magalasi, ati mnyamata, iwe ukanatithera anthu."

"Sunawauze kuti unamwa mankhwala? Kuti unachira?"

"Ndinawauza za masamba aja. Anandiyang'ana m'maso ndi tochi, ati amene anakuthira zimenezi akanakuchititsa khungu. Ati vutoli ndi lobadwa nalo, silichira, palibe mankhwala ake kulikonse."

Amalume anayenda uku ndi uku pabwalo, manja kumbuyo. Atate anali atasiya kutong'ola. Ine, ndisaname, kachimwemwe kena koipa kanayamba kutukula mutu mwa ine. Ndinaganiza kuti tsopano aona, tsopano andibwezera.

Amalume nawonso maganizo awo anafika pomwepo. Anaima, nakanda m'mutu.

"Chabwino. Zachitika. Munthu amalakwa. Chaka chamawa akadzaitananso, apite mwini wakeyo. Za minda tidzaona. Wadson, m'patse satifiketi yake."

Wadson anatulutsa pulasitiki ija, koma sanandipatse. Anaigwira pamaondo.

"Apita ngati ndani, amalume?"

"Ngati Mayamiko, nanga ngati ndani?"

"Mayamiko ali kale m'buku lawo. Analemba ndikuona. Mayamiko Mbewe, mwamuna, nambala ya reji yakuti, nambala ya satifiketi yakuti, maso osasiyanitsa mitundu. Mlembi anadinda chidindo, ati dzina limeneli lisadzafunsirenso ntchito ya pa njanji, likadzabwera adzalibweza pachipata. Ndinamupempha, ndinati bwana, nanga atabwera wina wa dzina lomweli? Ati satifiketi imodzi ili ndi mwini mmodzi, ndipo mwini wake ndi iwe, si uli ndi reji apa?"

"Ndiye apite ngati Keziya."

"Keziya sanapite kusukulu," anatero atate. Aka kanali koyamba kuwatsutsa alamu awo pa nkhaniyi. "Munanena nokha pamaso pa boma. Wapakhomo chabe."

Wadson anadzuka, nabwera kudzagwada pamene ndinakhala, mwamuna wamkulu kugwadira mlongo wake wamng'ono. Anaika pulasitiki ija pamiyendo panga, pamodzi ndi reji yake. Ndinayang'ana. Dzina langa lonse, lolembedwa bwino ndi makina, ndipo pambali pake nkhope yake ya maso otupa.

"Ndinaiona, Maya," ananong'ona. "Sitima. Inadutsa ndili pa geti. Ndi yaitali kuposa mmene umanenera. Ndipo m'kanyumba kaja munali mkazi. Mkazi ndithu, wa duku, atatsamira pazenera ndi mbendera m'manja."

Apo ndiye ndinalira. Sindinalire mobisa ayi, ndinalira mokweza ngati pamaliro, mpaka anthu a nyumba zapafupi anatuluka kudzaima m'mphepete mwa bwalo. Amayi anafuna kundigwira, ndinachotsa dzanja lawo. Ndinawakwiyira onse, amalume, amayi, atate ndi kufatsa kwawo, ngakhale Wadson wosalakwayo, ndipo koposa ndinadzikwiyira ndekha chifukwa cha pakamwa panga pamene panauma tsiku lija.

Nditatonthola, amalume anali atakhala pa mpando wa atate, thukuta lili kamukamu pamphumi, akuyang'ana anthu aja ndi kuyang'ananso pansi. Anatsokomola. Anatsokomolanso, ndipo mwachizolowezi cha zaka zonse, osaganiza, anatambasula dzanja.

"Mayamiko, tandipatsa madzi akumwa."

Wadson anadzutsa mutu. Inenso ndinadzutsa mutu. Palibe anaimirira.

"Mukuitana uti, amalume?" ndinafunsa.

Anatiyang'ana tonse awiri, dzanja lili m'malere. Amayi ndiwo ananyamuka kukatunga madziwo.